Yesaya wolondola anyani

Yesaya wa kwa Maganga anali munthu wosakhazikika. Anayesa usodzi, nakangana ndi mwini ngalawa. Ananyamulapo katundu padoko la Chipoka, msana unamukana. Anapita ku Wenela, ndipo ulendo wa kumigodi utaletsedwa anabwerako ndi wailesi ndi chifuwa. Mkazi wake, Elsie, ankati bamboyu ali ngati nkhuku yosowa poikira.

Chaka china, mvula ili pafupi, kunabwera Mayi Scholastica a ku yunivesite, kufuna munthu wodziwa mapiri a ku Senga. Ntchito yake inali kulondola anyani tsiku lonse, osawagenda, osawapatsa chakudya.

"Anyani omwewa, akuba chimangawa?" anafunsa Yesaya.

"Omwewo," anatero mayiwo. "Maphunziro athu ndi ofufuza kumene munthu anachokera, ndi chimene chinamuumba chonchi. Anzanga ena amafukula mafupa akalekale, ena amayeza magazi ndi misinkhu ya anthu. Ine ndimaonerera anyani, poti ndi abale athu apatali."

"Abale anu, mayi, osati anga," anayankha Yesaya, yemwe ankaimba kwaya kutchalitchi. Komabe ntchito anailola.

Inamuyanja kuposa zonse zakale, chifukwa anyani nawo sakhala malo amodzi. Iye ankatsogola, mayiwo pambuyo akukwawa m'matanthwe ndi chitenje, poti masiku amenewo mkazi sankaloledwa kuvala thalauza. Pang'onopang'ono anyaniwo anayamba kumuzolowera, iye nayamba kuwasiyanitsa nkhope. Anaona chimphongo chogonja pankhondo chikukhala chokha, chitazolika ngati mfumu yolandidwa mudzi. Anaona nyani wamkazi akuyenda ndi mwana wake wakufa mpaka mtembo kuuma, akumuingitsirabe ntchentche. Lamulungu lotsatira Yesaya anangoti duu pakati pa nyimbo. Ankafuna kufunsa abusa, koma funso lake silinkapezeka poyambira.

Chimanga chitakhwima, anyani anatsika kuminda. Munda wa Elsie anausiya mapesi okhaokha. Mlongo wake wa Elsie, Binwell, anabwera ndi agalu ndi amuna onyamula mauta.

"Alamu, inu mukudziwa kumene amagona. Titsogolereni."

Yesaya anaimirira, nakhala, naimiriranso. Anayang'ana nkhokwe yopanda kanthu, nayang'ana kuphiri.

"Ndilondera minda yanu nonse, mpaka mukolole," anatero. "Koma kumeneko sindikufikitsani."

"Ana anu adya chiyani?" anafunsa Elsie. "Kapena abale anuwo akutumizirani ufa?"

Alenjewo anapita okha, ndipo agalu anapeza njira popanda iye. Anapha anyani angapo, otsala nathawira kutali. Mayi Scholastica anafunafuna gululo milungu ingapo osalipeza, kenaka anamanga katundu kubwerera ku Zomba. Potsazika anamusiyira Yesaya nsapato zokwerera mapiri.

Lonjezo lake analisunga. Nyengo yonseyo ankathamanga munda ndi munda, akuimba chitini ndi kukuwa mpaka mawu kutha, ndipo chaka chotsatira eni minda anamuitana okha. Anthu anamupatsa dzina loti Kapitawo wa Anyani, ena mwachipongwe, ena moyamikira. Binwell sanadyenso naye mbale imodzi.

Zokolola zikatha, Yesaya ankasowa pogwira. Anagulitsako usipa ku Khombedza, anakonzako njinga, zonse kwa kanthawi. Akamva kuti kwinakwake kwaoneka anyani achilendo, ankasiya chilichonse n'kupita kukawayang'ana nkhope, mwina n'kuzindikirapo mmodzi. Kawiri anabwera akunena kuti wamupeza wodziwana naye, koma panalibe womutsimikizira.

Chifuwa chinamugoneka atakalamba ndithu. Ngakhale pamphasa sankagona mbali imodzi, ndipo Elsie ankachita kumubisira ndodo kuti asatuluke. Anamwalira m'nyengo ya masika, anthu ali pakalikiliki kukolola, moti oimba pamaliro pake anali ochepa.