Chipanda Chosadontha

Kwathu ku Mphunzi, m'zaka za m'ma 1950, chipanda cha mowa chikang'aluka sitinkataya. Bambo ankaboola timabowo m'mbali mwa mng'aluwo ndi kawaya kowotcha pamoto, n'kusoka ndi ulusi wa khonje. Anzawo ankamata phula pamsokopo, koma iwo ankadana nazo. Ankati phula limabisa ulesi wa wosoka.

Achimwene anga, amene ndinapondana nawo, anaphunzira ntchitoyi adakali pasukulu ya ku mishoni. Achimwenewo akasoka, bambo ankadzaza madzi m'chipandamo n'kuchipachika pamtengo wa pichesi, pansi atawaza phulusa louma. Kadontho kakangogwa, phulusa linkaulula, ndipo achimwene ankamasula ulusi wonse n'kuyambiranso, zala zitauma ndi chisanu cha mu Juni. Ine zinkandikwiyitsa. Mowa wake womwewo anthu ankautayira pansi akaledzera!

Patapita zaka, achimwene anapita kunja kukaphunzira udokotala, mpaka anakhala katswiri wa opaleshoni ya mtima. Anthu amene abale awo anali atayamba kale kuwalira ankatuluka m'chipatala akuyenda okha. Madokotala ambiri anaphunzira kwa iwo.

Pamene achimwene anabwera kudzationa, bambo anali atakalamba, maso osaonanso. Achimwene anagwada pafupi n'kuwafotokozera pang'onopang'ono mmene amatsegulira chifuwa ndi kusoka mtima wa munthu wamoyo. Bambo anamvetsera mpaka kumapeto, osadabwa n'komwe. Kenako anafufuza dzanja la mwana wawoyo n'kumugwira zala.

"Nanga phula," anatero, "sumamatapo eti?"