Mizere Itatu ya Amake Sabri

Bambo wa kutsidya kwa ngalande yathu amadana ndi khasu. Aliyense wodutsa pamunda pawo amamuthirira tiyi, koma udzu saumvera chisoni. "Udzu si mlendo," amatero. Chimanga chikangomera amabereka mpope kumsana, amawaza fumbi m'mwamba kuti aone kolowera mphepo, n'kuyamba kupopera mankhwala uku akuimba. Akatipeza tikupalira amatiseka: "Kodi muli ndi misana ina kunyumba?"

Chaka chatha anapopera mpaka m'mbali mwa ngalande, momwe mumamera lokha denje limene akazi awo, amake Sabri, amaphika ndi bakha Lachisanu. Lonse linauma. Mayiwo anangowaikira amuna awo buledi ndi mchere, masiku asanu.

Dzulo ndinawapeza bambowo atawerama m'mizere itatu ya kungalandeko, khasu lili m'manja, akupalira mosamala kuzungulira denje.

"Amalume, mankhwala atha kodi?"

Anaweramuka pang'onopang'ono atagwira m'chiuno.

"Iwe, samala pakamwa pakopo. A udzu ndili nawo botolo lathunthu. Koma oziziritsa mtima wa amake Sabri, ngakhale ku likulu lathu, ku Kairo, sagulitsa."