Ndinati Thobwa la AnaMbewe Lagonera

Inu owerenga, ine ndinachotsetsa munthu mu mpingo ndi timawu tochepa chabe, ndipo mpaka lero ndikamva nyimbo ya maliro mtima umandiwawa. Zinachitika kwathu kufupi ndi Nsaru, zaka zija Chitaganya chitangoyamba kumene.

Pamudzi pathu woyambitsa nyimbo ndinali ine. Kaya ndi kutchalitchi, kaya ndi pamaliro, amayi onse ankadikira pakamwa panga. Kenaka kunabwera anaMbewe, mtengwa wochokera ku Kabudula. Amayi amenewo anali ndi mawu, abale inu! Akangoyamba kuimba, ngakhale azibambo osinza kumbuyo ankadzidzimuka. Posakhalitsa anthu anayamba kumati, "AnaMbewe, tayambitsani," ine ndili pomwepo ngati chitsa. Ndinkamwetulira, koma m'kati ndinkapsa. Nsanje inandigwira moti ngakhale moni wawo ankandinyansa.

Nthawi imeneyo Mkhristu akaitana dima, kuti anzake adzamuthandize kulima, ankaphika thobwa. Mowa unali woletsedwa, ndipo wofulula ankadulidwa mu mpingo. Ndiye anaMbewe anaitana dima lopalira mtedza. Tinapalira, n'kukhala pamthunzi kumwa thobwa lawo. Linali lozuna bwinobwino, ine ndemwe ndinabwereza chikho.

Pobwerera ndinatsagana ndi akazi a mkulu wa mpingo. Ndinangoti, "Kodi amayi, thobwa lija simunalimve kuwawira? Likukhala ngati lagonera, eti?" Basi. Sindinatchule mowa ayi. Ndinkadziwa kuti mawuwo akafika okha kumene ndinkafuna.

Anafikadi. Pofika Lamulungu nkhani inali yoti anaMbewe amafulula mowa n'kumamwetsa Akhristu. Akulu a mpingo anawaitanitsa kubwalo. AnaMbewe anaukana mlanduwo, analira mpaka mawu kusasa. Anzathu amene tinamwa nawo anangoti chete, poopa kuti akaikira kumbuyo mtengwa awanena kuti ndi ozolowera mowa. Atandifunsa ine, ndinayang'ana pansi n'kunena kuti nditamwa mutu unandizungulira. AnaMbewe anadulidwa. Mgonero sankadyanso, ndipo kutchalitchi ankakhala kumbuyo kwenikweni. Nyimbo zinabwerera kwa ine, ndipo ndisaname, ndinakondwa.

Mumtima ndinkati asiyeni amveko kuwawa, ndidzaulula mvula ikatha. Koma anaMbewe anali oyembekezera. Chimanga chisanaume anamwalira pobereka, akadali odulidwa.

Maliro akutuluka m'nyumba, ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambitse nyimbo monga mwa nthawi zonse. Mkulu wa mpingo anakweza dzanja.

"Nyimbo ayi, amayi. Awa anali odulidwa."

Mayo ine! Pomwepo ndinakuwa kuti thobwa lija linali lozuna, wabodza ndine. Iwo anandiyankha motsitsa mawu kuti nkhani yotere imakambidwa kubwalo la mpingo, osati pamaliro. Motero munthu amene ankaimbira akufa a mudzi wonse tinamuperekeza kumanda kuli zii. Kunkangomveka mapazi ndi kusisima kwa amuna awo.

Kubwalo ndinakaulula zonse. Nanenso ndinadulidwa, ndipo patapita nthawi anandibwezera. Ine ndinabwezeredwa chifukwa ndinali moyo. Nanga anaMbewe akanawabwezera bwanji?

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga amene mumaimba Lamulungu lililonse, pakamwa pomwe mumatamanda napo Mulungu ndi pomwenso mungaphe napo mnzanu. Musadzinamize kuti simunanene kanthu, munangofunsa chabe. Ine ndinangofunsanso. Mukaona kuti mnzanu akukuposani ndipo mtima wayamba kutentha, tsekani pakamwa, kapempherereni mtima wanuwo. Ngati mawu anatuluka kale, kawabwezeni lero lomwe, mwini wake akadali ndi makutu. Musadikire kuti mvula ithe.

Amayi a mumpingo anandipempha kambirimbiri kuti ndiyambirenso. Chichokereni kumanda kuja, sindinayambitsenso nyimbo.