Kauchi wa Agogo NyaZimba

Ndikakumbukila agogo NyaZimba, m'mphuno mwanga mumabwela fungo lotsekemela la duwa loyanga limene linakuta khonde lawo lonse kumudzi kwathu, kufupi ndi Mwase. Linkasakanikilana ndi fungo la dothi lonyowa, chifukwa m'mawa uliwonse dzuwa lisanakwele ankathila patsinde pake madzi otsukila mbale, njuchi zikulila m'masamba, njinga za opita ku boma zikugwedela pamsewu. Maluwa ake anali ngati timalipenga, oyela akamatuluka, achikasu akamakalamba. Ife ana tinkathothola limodzi, kukoka kaulusi ka m'kati mwake ndi kunyambita kadontho kotsekemela. Agogo ankalitcha kauchi. Dzina lake lachingelezi loti hanisako ndinalimva nditakula kale.

Anabwela nalo kuchokela ku boma la Lundazi, kumene anapita kukagulitsa nshawa, ndiye kuti mtedza. Anapempha kanthambi kamodzi kwa munthu wosesa pabwalo la nyumba ina, nakakulunga m'kansalu konyowa, nayenda nako ulendo wonse. Kunyumba anakabzala kumbali kumene denga limagwetsa mthunzi masana.

"Mapazi pamthunzi, mutu padzuwa," ankatelo. "Ukasemphanitsa, wapha."

Patsinde ankayala makoko a nshawa kuti dothi lisaume, ndipo pozungulila ankawaza phulusa kuopa chiswe. Nsabwe zikagwila masamba anthete, ankaviika zinyenyeswa za fodya m'chidebe kwa masiku awili, n'kuwaza madziwo ndi katsache. Nthambi zatsopano ankazikulunga pansungwi ndi chala chimodzi, n'kumanga ndi luzi molekelela, akuti chomela sichifuna kumangidwa ngati mbuzi. Maluwa akatha m'pamene ankatenga mpeni, ndipo ankadula nthambi imodzi imodzi, ataiyang'ana kaye nthawi yaitali. Panapita zaka zisanu ndi chimodzi kuti kanthambi kaja kafike padenga.

Agogo anali mkazi wachiwili. Amuna awo oyamba, amene anabala atate anga, anamwalila ana akali aang'ono. Kwathu ana ndi a kuchimuna, ndiye agogo anauzidwa kuti asankhe: abwelele kwawo okha, kapena alowe m'nyumba ya akulu a malemuwo, amene anali kale ndi mkazi, agogo NyaLungu. Anasankha kukhala ndi ana awo. Chifukwa cha chimenecho mpingo unawachotsa pamgonelo. Sondo iliyonse ankasamba, kuvala chitenje chawo chabwino, kuyenda mpaka kutchalichi ndi kukhala pabenchi yakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo pamene agalu amasuzumila. Nyimbo zonse ankazidziwa pamtima kuposa okhala kutsogolo.

Ndili giledi sikisi kunamveka kuti kubwela abusa aakulu kudzatsegula tchalichi chathu chatsopano cha malata. Unali mwezi wa Okutobala, kunja kuli gwaa, udzu utapsa, ndipo m'mudzi monse chobiliwila chinali kauchi yekha, atachita maluwa mpaka masamba osaoneka. Lachisanu masana kunafika a Mtonga, mkulu wa mpingo, munthu amene ankavala jekete ngakhale kutenthe bwanji.

"Odi, amama. Mwatandala uli?"

"Tatandala makola. Fikani, adada."

Anakana mpando. Anayang'ana khonde, nati, "Tikufuna maluwa aya tikakongoletsele pakhomo la tchalichi. Ndi ntchito ya Mulungu."

Ndinaona nkhope ya agogo ikuwala. Pa zaka zonsezo mpingo unali usanawapemphepo kanthu.

"Tengani," anatelo. "Koma mudule nsonga zokha, mkono umodzi umodzi. Mawa m'mawa ndipita kudimba. Mundidikile, ndidzadula ndekha."

A Mtonga anavomela ndi mutu.

Sanadikile. Loweluka m'mawa, agogo ali kudimba ndipo ine ndili kokonzekela nyimbo za kwaya, anabwela ndi amuna atatu ndi zikwanje. Anaona kuti kudula nsonga n'kochedwetsa, ndipo kuti chomelacho chitanyamulidwa chathunthu pamodzi ndi nsungwi zake chikhoza kuima bwino pakhomo. Anachidula patsinde, pamwamba penipeni pa makoko a nshawa aja, nachikweza pangolo. Nditafika kunyumba ndinapeza khonde lili pululu, dzuwa likuwomba pachitseko chimene chinali chisanaone dzuwa kwa zaka, njuchi zikuzungulila pamalo opanda kanthu. Agogo anali atagwada pansi, khasu lili pambali, akusisita chitsa ndi chala. Sanalile. Amene anakalipa ndi agogo NyaLungu, mkazi mnzawo, amene anaima pabwalo manja ali m'chiuno.

"Anthu awa alibe nsoni. Mgonelo amakumanani, koma chikwanje chokha chikudziwa njila ya kunyumba kwanu."

"Alekeni, akulu," anatelo agogo. "Ndipatseni madzi." Anathila pachitsapo, navundikila ndi dengu lakale.

Chimene chimandiwawa koposa ndi gawo langa. Ine ndiye ndinasankhidwa kupeleka maluwa kwa mlendo, chifukwa ndinkalankhula momveka. Sondo m'mawa a Mtonga anandipatsa mtolo wa kauchi ndi kapepala ka mawu oti ndinene. Nditawelenga, ndinawauza kuti, "Koma maluwa awa ndi a agogo anga."

Anawelama, nandiyang'ana m'maso. "Mwana iwe, dzina la munthu wa mitala silitchulidwa pamaso pa abusa. Nena zimene zalembedwa."

Ndinanena. Ndinaima kutsogolo nditavala dilesi yoyela yobweleka, ndi kulankhula mokweza kuti: "Landilani maluwa awa, amene amayi a mumpingo uno alima ndi manja awo." Anthu anaomba m'manja. Amayi a yunifomu, amene anali asanathilepo ngakhale kapu imodzi ya madzi pachomelacho, anamwetulila ndi kuwelamitsa mitu. Abusa ananunkhiza, nati sanayembekezele kupeza fungo lotele m'chilimwe. Tsiku limenelo anthu anachuluka, ndiye benchi yakumbuyo inapatsidwa kwa alendo. Agogo anamvela zonse ali panja, atakhala pansi, moyang'anana ndi kauchi wawo amene anali atayamba kale kufota pakhomo.

Pobwelela ndinkayenda kumbuyo kwawo, ndikuopa kuwayandikila. Anaima, nandidikila.

"Walankhula bwino, Tiwonge. Mawu amamveka mpaka panja."

Bola akanandimenya. Ndinalila njila yonse, iwo akungoti ndisadetse dilesi ya eni ake.

Lachitatu lake ndinaona kauchi atatayidwa kuseli kwa tchalichi, mbuzi zikumudya. A Mtonga sanabwele kudzapepesa. Atakumana ndi atate anga anangoti chomela chimaphukanso, ndipo amama ayenela kuthokoza kuti chinthu chawo chinalowa m'nyumba ya Mulungu. Chinthu chawo chinalowa, iwo ali panja.

Chitsa chinaphukadi mvula itagwa, timphukila tiwili tofooka. Agogo anayambilanso: nsungwi zatsopano, luzi, phulusa, madzi a fodya, minga yotchinga mbuzi. Kutchalichi sanaleke kupita, ndipo zimenezi zinkandikwiyitsa pafupifupi mofanana ndi za chikwanje zija.

Patapita zaka zinayi agogo NyaLungu anadwala, ndipo amene anawasamala mpaka tsiku lomaliza, kuwasambitsa ndi kuwamwetsa phala, anali agogo NyaZimba. Malilo atatha, pasanathe ndi mwezi womwe, a Mtonga anafikanso ndi jekete yawo. Ulendo uno analandila mpando.

"Amama, tabwela ndi uthenga wabwino. Popeza tsopano mwatsala nokha m'banja, mpingo wakonzeka kukubwezelani pamgonelo."

Agogo anali kusenda nshawa. Manja awo anaima. Ndinali ndisanawaonepo atakwiya, ndipo ngakhale tsikulo mawu awo sanakwele.

"Ndiye mumadikila kuti akulu anga afe? Ine ndine yemwe uja, adada. Sindinasinthe kanthu. Chasintha ndi manda amodzi."

A Mtonga anayamba kufotokoza za malamulo. Agogo anawadula.

"Pitani bwino. Benchi yanga ndikuidziwa."

Anakhala pabenchi yakumbuyo ija mpaka miyendo inakana kuwafikitsa kutchalichi. Anamwalila osalandilanso mgonelo, ndipo pamalilo awo panalalikidwa za kuleza mtima kwawo, mawu ochokela pakamwa pa anthu omwe aja amene anawaphunzitsa agogo kuleza mtimako.

Lelo ndine mphunzitsi ku boma. Anzanga kusukulu amati ndine wovuta, ndipo mwina akunena zoona. Kukamabwela alendo, ndipo mwana wa m'kalasi mwanga wasankhidwa kuti akalankhule kutsogolo, ndimayamba ndatenga kapepalako ndi kuwelenga ndekha. Chaka chatha munalembedwa kuti dimba la sukulu linalimidwa ndi komiti, chonsecho amene ankatunga madzi chilimwe chonse ndi mlonda wathu wokalamba. Ndinafufuta ndi bolopeni yofiila ahedi akuona, ndi kulemba dzina lake. Anandifunsa ngati nkhani yaing'ono yotele ndi yoyambanilapo. Ndinawayankha kuti inde, ndipo mwanayo anawelenga dzinalo mokweza.