Magazi a Malume Akuthamanga

Malume anga ndi telala. Makina awo amakhala pakhonde la sitolo ya penti, ndipo anthu a mumsewu umenewo amawatchula kuti a Ndamva. Munthu akabwera ndi nsalu n'kuyamba kufotokoza za kolala ndi matumba, iwo amagwedeza mutu asanamalize n'komwe: "Ndamva, ndamva." Azimayi ambiri kwathu ali ndi madiresi amene sanawaitanitse.

Mutu utayamba kuwavuta, akazi awo anawakankhira kuchipatala. Dokotala anawamanga lamba pamkono, n'kulankhula zambiri maso ali pakompyuta, zina m'chizungu. Malume anatolapo mawu awiri okha: magazi akuthamanga.

"Pali funso?" anatero dokotala.

"Ayi, ndamva."

Pobwerera anaiganizira bwino nkhaniyo. Ngati magazi akuthamanga, mwini wake asawonjezere liwiro. Njinga anaipachika kudenga. Anayamba kuyenda ngati asenza mazira. Makina ankapalasa modekha, moti yunifolomu ya mwana wina inatha mwanayo atakula kale. Mapiritsi anamwa mpaka mutu unasiya, otsalawo n'kuwasunga m'kachitini ka mabatani. Mchere sanachepetse, poti za mchere zinanenedwa m'chizungu.

Tsiku lina m'mawa anaona singano ziwiri pamene panali imodzi, ndipo ulusi unakana kulowa monsemo. Ulendo umenewo ndinawaperekeza kuchipatala ndine.

Tinapeza namwino wovala magalasi, wosapupuluma. Anati mitsempha ili ngati paipi ya madzi, ndipo magazi awo akukankha mwamphamvu kuposa muyezo. Anatinso mutu kusiya si kuchira ayi.

"Ndamva," anatero malume, akufufuza chipewa.

Namwino anaika cholembera pansi. "Mwina ine sindinalongosole bwino, bambo. Tiyerekeze kuti ndine mayi akunyumba. Mwafika kumene. Tandiuzeni, kuchipatala akuti bwanji?"

Malume anamuyang'anitsitsa. "Mayi akunyumba sandilola kumaliza."

"Lero akulolani."

Anakhosomola, n'kuyamba. Anafotokoza za kayendedwe kawo katsopano, za kachitini ka mabatani, za njinga. Namwino sanaseke. Anangofunsa ngati dengalo ndi lolimba. Kenako anayambiranso, chimodzichimodzi: njinga itsike, kupalasa n'kwabwino, piritsi limwedwe m'mawa uliwonse ngakhale thupi lili myaa, mchere wowaza pambale usiyidwe. Chilichonse malume ankachibwereza m'mawu awoawo. Pa za mchere anayesa kunenerera ngati ali pamsika, koma sizinatheke.

Tikutuluka anabwerera okha, n'kusuzumira pakhomo. "Nanga ndikaiwala kumwa, mawa lake ndimwe awiri?"

"Ayi, bambo, limodzi lomwelo. Mwachita bwino kufunsa."

Chibadwire changa ndinali ndisanawamvepo akufunsa funso.

Kunyumba, akazi awo atamva kuti kuchipatala kuli mtsikana amene anakhala m'malo mwawo, anati mwezi wotsatira apita nawo akamuone. Anapitadi, atavala bwino. Anamupeza waulemu, ndipo asanadziwe n'komwe, lamba anali pamkono pawo. Nawonso magazi anapezeka okwera. Iwo sanagwedeze mutu. Anafunsa za tiyi, za mafuta ophikira, za tulo, ngakhale za mawondo, zimene sizinawabweretse kumeneko, mpaka anthu pabenchi panja anayamba kudandaula. Malume anakhala pakona chipewa chili pabondo, kudikira kuti nawo ayezedwe.