Bokosi la a Gervazio

Ukalipentala ndinauyamba ndili ndi imvi kale. Moyo wanga wonse ndinali kalaliki pa msika wogula mbewu, cholembera kukhutu, nsapato zopolisha, ndipo chinthu cholemera chimene ndinkanyamula chinali chidindo. Matipate atalowa misika yambiri inatsekedwa, ife madala anatipatsa makalata otithokoza n'kutiuza kuti tikapume. Kupuma kwake kuti? Ndinabwerera kwathu kufupi ndi Chongoni kukayang'anizana ndi khasu limene linandiiwala kalekale.

Amene anandiitana ku ntchito ndi a Bonifasi, mnzanga wa kusukulu. Tinaphunzira limodzi ku mishoni ku Kabwazi tikadali anyamata ovala makabudula. Masamu ankawakana, ankakopera kwa ine, mpaka aphunzitsi anatopa nawo n'kuwatumiza ku shedi ya matabwa, ife tikuwaseka. Tsono oseka aja ndi amene tinadzakhala pansi, iwo ali ndi shedi yawoyawo m'mbali mwa msewu. Ananditumizira kakalata: "Silvesta, ndamva kuti mwangokhala. Nyamakazi yandigwira zala, ntchito yachuluka. Bwerani mudzandigwirire kunsonga kwa thabwa." Ndinanyinyirika sabata yathunthu, chifukwa mtima wa ukalaliki suchoka msanga. Koma ukaipa dziwa nyimbo. Lolemba linalo ndinapita.

Tinamaliza sukulu anyamata khumi ndi mmodzi, ndipo sitinatayane. Akutali tinkalemberana makalata, apafupi tinkakumana Lamulungu loyamba la mwezi Misa ikatha, n'kumakumbutsana za zikoti zimene tinadya. Nthawi imene ndikunenayi tinali titatsala atatu: ine, a Bonifasi, ndi a Gervazio. A Gervazio anali mphunzitsi wopuma, wamtali, wa mawu okuluwika ngati akuphunzitsabe kalasi, ndipo ankakhala chikamwini kumapiri a ku Mphunzi.

Ndinkaganiza kuti ndikukapanga mipando ndi zitseko. Mipando inalipo iwiri, yosamaliza, itatuwa ndi fumbi pakona. Ntchito yeniyeni inali mabokosi a maliro. Zinali zaka zija matenda amene tinkaopa kuwatchula dzina ankatenga anyamata ndi atsikana, aphunzitsi, madalaivala, anamwino, n'kusiya ife nkhalamba tikuyenda. Panalibe sabata yodutsa popanda munthu kufika ndi bango m'manja.

Bango limenelo ndiye muyeso. Achibale amadula bango lofanana ndi msinkhu wa womwalira, n'kumangirirapo luzi lokhala ndi mfundo yosonyeza kutambasuka kwa mapewa. Tikalandira, tinkaligoneka pa thabwa la paini n'kuwonjezera zala zinayi kumutu, zinayi kumiyendo, chifukwa munthu salowa yekha, amalowa ndi bulangete. Mzere timalemba ndi pensulo motsatira sikweya, kenako sowo, kenako puleni. Chovuta ndi matabwa a m'mbali, amene amapinda pamapewa. Pamenepo timacheka timizere tisanu kapena tisanu ndi kamodzi mkati mwa thabwa, osapyoza, n'kuthirapo madzi owira kuti lifewe, kenako n'kulipinda pang'onopang'ono. Ukafulumira limathyoka, ndipo ine ndinathyola atatu mwezi woyamba. Tikakhoma ndi misomali ya mainchesi atatu, tinkayala zopalidwa za puleni kumutu kuti zikhale pilo, kunja n'kukuta nsalu yakuda ndi timisomali ting'onoting'ono.

A Bonifasi sankalankhula zambiri pa ntchito. "Sowo musaikankhe, isiyeni idye yokha," ankatero. Zikhatho zanga zinatuluka matuza, matuza anaphulika, ndipo iwo anangoti, "Tsopano mwayamba sukulu yeniyeni."

Anali ndi lamulo limodzi losapindika: wamoyo sayezedwa, ndipo bokosi silipangidwa maliro asanachitike. M'tauni anthu anali atayamba kuyala mabokosi panja ngati masofa, koma iwo ankati uko n'kuitana imfa. Ankaopanso pakamwa pa anthu. Kalipentala wa mabokosi amanenedwa kale kuti amasangalala ena akamalira, ndiye akapezeka ndi bokosi lodikira mwini wake, dzina la ufiti limukakamira. Ine ndinkavomereza zonsezi, ndipo sindibisa.

Kwa a Gervazio imfa inalowa ngati yapeza pogona. Anayamba akazi awo. Kenako ana atatu anabwera kuchokera m'tauni mmodzimmodzi, owonda, kudzafera pakhomo. Mabokosi onse atatu tinapanga ife, ndipo la mwana wamkazi womaliza ndinalikhoma ndikulira, misomali ikupindika. Atatha maliro amenewo anatsala okha pakati pa abale a akazi awo, mkamwini wopanda mkazi, wopanda mwana. Kwawo kobadwira kunali kutatsala mabwinja. Ife tinkawatengera ufa ndi nyemba tikakumana ku tchalitchi, a Bonifasi anakawakonzera chitseko, koma mtunda unali wautali ndipo miyendo yathu inali ya nkhalamba.

Tsiku lina mvula itangoyamba a Gervazio anatulukira pa shedi, wapansi, jekete likulendewera pamapewa. Anatipatsa moni, anamwa madzi, kenako anasuntha puleni ndi sikweya n'kugona chagada pa benchi yogwirira ntchito.

"Bonifasi, tenga tepi," anatero. "Undiyeze ndikadali ndi pakamwa ponenera."

"Dzukani apo, akulu. Masewera ena si abwino."

"Sindikusewera. Chifuwa ichi ndikuchimva ndine. Ndikafa, kuja kulibe wodula bango. Adzandikulunga mu mphasa ngati fodya. Ana anga onse anapita m'matabwa ako, ine bambo wawo ndikawapeze mu mphasa? Panga bokosi, uliike kudenga, sindikuuza munthu."

A Bonifasi anayang'ana kumsewu, kumene amayi awiri osenza nkhuni anali ataima kuonerera. "Sindiyeza munthu wopuma. Mukadzafa mawa anthu adzati chiyani? Adzati Bonifasi anadya mnzake. Tsiku likadzafika ndidzapanga, ndipo lidzakhala labwino kuposa onse."

A Gervazio anatembenukira kwa ine. "Nanga iwe Silvesta, wophunzira iwe?"

Tepi inali m'thumba mwanga. Ndinaseka kuseka kwa mantha, n'kunena kuti iwo adzatiika tonse, munthu wolimba chonchi. Anadzuka pang'onopang'ono, anasasa utuchi pa jekete, n'kunena kuti, "Chabwino, anzanga." Anakana kugona, anabwerera tsiku lomwelo. Manyazi a kuseka kumene kuja ndili nawo mpaka lero.

Lamulungu loyamba la Januwale anabwera ku tchalitchi, ndipo za bokosi sanatchule. La Febuluwale sanabwere. Tinati mwina ndi mvula, tikawaona mlungu wamawa kukacha bwino. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Uthenga unatipeza Lachinayi dzuwa litakwera kale, ndipo sunali uthenga wotumidwa. Mayi wina wogulitsa mbatata anaima pa shedi kubisala mvula n'kungoti, "Aphunzitsi aatali aja a ku Mphunzi, si anzanu? Awapeza m'nyumba m'mawa uno, ati anamwalira dzana. Akuika lero lomwe, thupi silingadikire." Inali nthawi ya njala, panalibenso chodyetsa anthu ogonera pamaliro. Bango palibe anabweretsa.

A Bonifasi anakhala pa chipika. Kenako anadzuka n'kuyamba kugwetsa matabwa, ndipo onse anali a chinyezi chifukwa denga linkadontha. Tinayamba kukangana za msinkhu. Iwo ankati mafiti asanu ndi limodzi, ine ndinkati sankafika. Ndinakumbuka kuti pa mzere wa kusukulu ndinkaima patsogolo pa a Gervazio penipeni, ndipo mpaka ukalamba ankandiposa ndi zala ziwiri zokha.

"Yezani ine," ndinatero. "Muwonjezere zala ziwiri."

Ndinagona pa thabwa lozizira lija, maso kudenga. A Bonifasi anagwada ndi pensulo, nalemba mzere pamwamba pa mutu wanga, wina kuzidendene, wina pamapewa. Tonse tinkadziwa kuti chimene anakanira mnzathu akuchichita tsopano, pa ine, mochedwa.

Thabwa lonyowa silimva puleni. Mpeni wake umangokakamira n'kumang'amba, ndipo sowo imamatirira pakati. Zala za a Bonifasi zinali zitatupa ndi kuzizira moti hamala inawapulumuka kawiri, choncho kucheka ndi kukhoma konse kunagwera ine, kalaliki. Iwo ankakoleza moto wa madzi ndi kundiuza pocheka. Thabwa loyamba la m'mbali ndinalipinda mwaphuma, linathyoka. Ndinatukwana mawu amene sindinawatchulepo chibatizidwire. "Chekaninso," anatero a Bonifasi. "Timizere tisanu ndi kamodzi. Musathamange." Lachiwiri linapinda. Nsalu yakuda inangokwanira chivundikiro chokha.

Tinalimanga pa keliyala ya njinga ndi malamba a chubu n'kuyamba kukankha, ine kutsogolo, iwo kumbuyo atagwirira. Galimoto yopita kumeneko kunalibe. Njira zinali matope okhaokha, matayala ankadzaza dothi mpaka kuleka kuzungulira, tinkaima n'kumakokota ndi kamtengo. Pa kamtsinje kena madzi anafika m'mawondo, ndipo tinamasula bokosi n'kuliwolotsa pamitu, kenako n'kubwerera njinga. A Bonifasi anagwa potsetsereka, anadzuka okha, osadandaula. Anthu m'midzi ankatipatukira njira, amuna akuvula zipewa, poganiza kuti muli munthu.

Tikukwera chitunda chomaliza tinamva nyimbo, ndipo sinali yochokera kunyumba. Inkachokera kumanda. Tinasiya njinga n'kunyamula bokosi pamanja.

Tinapeza anthu ochepa, osakwana ngakhale kwaya. Thupi linali litatsitsidwa kale, lokulungidwa mu mphasa, ndipo adzukulu, anthu okumba manda aja, anali ataponya kale dothi loyamba. Onse anatembenuka kutiyang'ana, nkhalamba ziwiri zamatope ndi bokosi lopanda kanthu.

A Bonifasi anagwada pamaso pa mkulu wa adzukulu. "Bambo, chonde, mutulutseni. Tinamulonjeza."

"Pepani, madala," anatero mkuluyo. "Walowa walowa. Dothi likagwa sititulutsanso munthu. Munali kuti masiku onsewa?"

Adzukulu anakambirana pambali ndi eni mbumba, kenako anabwera n'kunena kuti bokosi silingabwerere kumudzi lopanda munthu, komanso silingalowe m'manda lili choncho. Chimene akanalola n'chakuti tiliphwasule, matabwa awayale pamwamba pa mphasa kuti dothi lisamugwere mwachindunji.

Hamala inali m'thumba la jekete langa. Ndinagwada pamphepete pa manda n'kuyamba kuzula misomali imene ndinakhoma tsiku lomwelo, umodziumodzi, ikulira potuluka m'thabwa lonyowa. A Bonifasi ankalandira thabwa lililonse n'kupatsira adzukulu pansi. Chivundikiro cha nsalu yakuda chinalowa pomaliza. Chinakwanira bwinobwino kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa zonse, chifukwa muyeso tinaupeza, chimene tinaphonya ndi tsiku.

Pobwerera tinkakankha njinga yopepuka. Titawoloka kamtsinje kaja a Bonifasi anaima, akupuma movutika.

"Silvesta, muyeso wanu ndili nawo kale. Mawa mudzayeze ine."

"Nanga anthu?"

"Anthu ake ati? Kumanda kuja mwawaona angati?"

Sabata imeneyo tinapanga mabokosi awiri, osathamanga, ndi matabwa amene tinayamba tawaumitsa pafupi ndi moto. Tinawakweza pa mitanda ya shedi masana, aliyense akuona. Anthu analankhuladi. Ena anasiya kutipatsa moni kwa kanthawi, mayi wina ankawoloka msewu akafika pa shedi. Koma maliro sanaleke, ndipo olankhula omwewo ankabwerabe ndi mabango awo.

Amene amandifunsa za ntchito imeneyi ndimawauza za sowo ndi puleni, koma chimene ndinasunga ine n'china. Mnzako wokalamba akakupempha chinthu, ngakhale chikhale chochititsa mantha, walingalira usana ndi usiku asanatsegule pakamwa. Chita tsiku lomwelo, akadali wokhoza kuona kuti wamumvera. Zoti anthu adzati chiyani zimatha, koma amene unamukana sabweranso kudzapempha kachiwiri.

A Bonifasi analowa m'bokosi lawo patapita zaka ziwiri, ndipo chivundikiro ndinakhoma ndine. Langa ndinalisamutsira kunyumba. Mvula ikatha chaka chilichonse ndimalitsitsa, ndimaligogoda mbali zonse kumvetsera ngati chiswe chalowa, n'kulipaka oyilo wakuda. Ndimalisamala kwambiri, chifukwa likawonongeka ili, m'kalasi mwathu simunatsale wina wondipangira.