Mbale Zobooledwa pa Famu ya ku Makeni

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza patatha miyezi itatu mkazi wanga Natasha atamwalira. Ndinali nditamaliza maphunziro a mbiri yakale ku koleji, koma ndinkangokhala m'nyumba ku Libala, mu Lusaka. Mphunzitsi wanga wakale ndiye anandiimbira foni. Anati yunivesite ina ya ku America ikubweretsa ophunzira khumi ndi awiri kudzaphunzira kufukula zinthu zakale, ndipo akufuna womasulira wodziwa Chingerezi, Chinyanja ndi Chibemba pang'ono. Ndinakaonana ndi Pulofesa Ward, mayi wamtali wa imvi, pamalo ena ogona alendo ku Kabulonga. Anandifunsa mafunso atatu okha n'kundiuza kuti ndiyambe Lolemba.

Maphunzirowo anali a mbali ziwiri. Ophunzira ankafukula, komanso ankaphunzira utsogoleri. Tsiku lililonse mmodzi ankavala chipewa chofiira n'kukhala mtsogoleri: kugawa ntchito, kusunga nthawi, kugamula pakavuta. Madzulo ankakhala mozungulira ku Woodlands, kumene ankagona, n'kumakambirana mmene mnzawoyo watsogolera, Pulofesa akulemba malikisi. M'mawa mwake chipewa chinkapita kwa wina. Pulofesa sankalowerera. "Mtsogoleri amaphunzira polakwitsa," ankatero.

Tinkakumba pa famu ina yakale ku Makeni, imene eni ake atsopano anali atayamba kuidula mapuloti. Pamenepo pankapezeka mapale a miphika ndi zotsalira za ng'anjo zosungunulira chitsulo. Tinkakhoma misomali n'kumanga chingwe, kupanga timabwalo ta mita imodzi mbali zonse, kalikonse ndi nambala yake. Aganyu ankachotsa dothi lapamwamba ndi piki ndi fosholo. Kenako ophunzira ankapala ndi timipeni tonga ta omanga nyumba, masentimita khumi okha nthawi imodzi. Dothi lonse linkapita m'ndowa, kuchoka m'ndowa kupita pa sefa. Chopezeka chilichonse chinkalowa m'kathumba ka pulasitiki kolembedwa nambala ya kabwalo ndi kuya kwake. Tisanapitirire pansi tinkajambula, titaika choyezera ndi kamuvi koloza kumpoto. Ntchitoyi ndinaikonda. Inkafuna maso ndi manja, ndipo palibe ankandifunsa za kunyumba.

Mkulu wa aganyu anali Ba Chanda, bambo ochokera ku Luapula amene anakhala mu Lusaka zaka zambiri. Tsiku lachiwiri, tikulambula udzu pafupi ndi chulu, iwo anapeza mbale yachitsulo ndi kapu yake, zonse zobooka pansi. Anandikodola.

"Ba Daliso, bauzeni ba bosi. Izi mbale sizinatayiwe iyai. Banazibowola dala kuti muntu asazibe. Pali muntu agona apa."

Ndinamva bwino lomwe. Ine ndinakulira m'tauni, ndipo manda amene ndimawadziwa amakhala ndi nambala pa kachitsulo, komabe mawuwo sanali ovuta. Koma masiku amenewo liwu loti manda silinkatuluka m'kamwa mwanga, m'chinenero chilichonse. Mtsogoleri wa tsikulo ndinangomuuza kuti Ba Chanda akuti anthu ena amakhulupirira kuti malowa ndi apadera. Iye anagwedeza mutu mwaulemu, nati tidzakambirana. Mbale ndi kapu anazilemba kuti zinyalala za masiku ano n'kuziponya m'thumba lakuda. M'mawa mwake chipewa chinali pamutu pa wina, amene anangopeza chingwe chomanga kale pachulupo n'kugawa ntchito. Ba Chanda anapempha kuti azikankha wilibala, kutali ndi chulu. Kawiri konse anandifunsa kuti, "Munabauza?" Kawiri konse ndinati ndinawauza.

Lachinayi la sabata yachitatu Pulofesa anapita m'tauni kukasainitsa mapepala. Chipewa chinali ndi Megan, mtsikana wa zaka makumi awiri, wakhama, amene ankafunitsitsa kuti kabwalo ka pachulu kathe tsiku lomwelo. Cha m'ma leveni kampeni ka wophunzira wina kanagunda thabwa lofumbwa. Kenako panatuluka misomali yadzimbiri. Anzake anasiya timabwalo tawo n'kudzazungulira dzenjelo, akuseka, ena mafoni ali m'mwamba. Megan analowa yekha ndi burashi. Anasesa pang'onopang'ono, monga anaphunzitsidwira. Panaoneka nsanza ya bulangete. Anaitukula pang'ono. Pansi pake panali mabatani atatu apulasitiki, ondondozana monga amakhalira pa malaya, ndipo pansi pa mabataniwo panali nthiti.

Ndinali nditaima m'mphepete, ndowa ili m'manja. Sindikumbukira kuti ndinaiika pansi liti. Ndikukumbukira kuti ndinawerenga mabataniwo kangapo, ngati kuti nambala yake isintha. Anthu osungunula chitsulo aja analibe pulasitiki. Munthu ameneyu anamuveka malaya ndi anthu amene mwina akadali ndi moyo, ndipo dothi limene anamukwirira nalo ndinali ndikulisefa ine kwa masabata awiri.

Aganyu anagoneka zipangizo n'kukaima kumpanda. Ba Chanda anavula chisoti. Sanakweze mawu. "Ninakamba, Ba Daliso. Siku ya chibili ninakamba."

Megan anatuluka m'dzenje n'kundifunsa. "Akuti chiyani?"

Palibe wophunzira aliyense amene akanadziwa ndikanafewetsanso mawuwo, ndipo ntchito imeneyi ndiyo yokha imene inkanditulutsa m'nyumba. Ndinamuuza zonse: zimene Ba Chanda ananena tsiku lachiwiri, liwu ndi liwu, ndi zimene ndinanena ine m'malo mwake.

Kenako Megan anati onse akhale mozungulira akambirane, monga anazolowera. Ba Chanda anati, "Bauzeni bavinikile muntu poyamba. Mitingi ni pambuyo." Ndinamasulira mmene zinalili. Megan anakatenga lona, ndipo anthu anayi tinagwira m'makona n'kuvundikira dzenjelo. Anauza anzake kuti afufute zithunzi zonse iye akuona, kenako anaimbira Pulofesa.

Masana kunabwera apolisi ndi a ofesi yoyang'anira zinthu zakale. Ba Chanda anapita kumakomboni a kuseri kwa mpanda n'kubwerako ndi mayi wina wachikulire, Amake Sofia. Amuna awo ankagwira ntchito pafamupo, ndipo atamwalira anaikidwa pachulu paja. Chiikireni waya eni atsopano, mayiwo anali asanaloledwe kulowa. Sanalire. Anaima pa lona paja n'kufunsa kuti mbale ndi kapu zili kuti. Zinali zitapita ndi galimoto ya zinyalala ku Woodlands sabata yoyamba. Funsolo ndinalimasulira, yankhonso ndinalimasulira.

Mayiwo anatembenukira kwa ine. "Aba ni balendo, sibaziba. Nanga imwe, kwanu simuika malilo?"

"Timaika, amayi. Ndinaika mkazi wanga mu Malichi."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Ndiye tengani fosholo."

Akuluakulu aja atalemba zawo n'kuvomereza, tinabwezera dothi lonse, limene linali pamulu pansi pa sefa. Ndinayamba ine, kenako Megan, kenako ena onse. Ba Chanda anaumba mtumbira ndi kumbuyo kwa fosholo. Amake Sofia anapemphera mwachidule n'kubwerera kwawo, atakana galimoto.

Madzulo a tsikulo panalibe malikisi. Pulofesa anandiitana panja. Anati nawonso ali ndi mlandu, chifukwa anapereka chipewa kwa ana osadziwa malowo popanda buku lopatsirana uthenga. "Koma inu ndi amene munali makutu athu," anatero. Sabata yotsalayo anabweretsa womasulira wina, ine ndinamalizira pa sefa. Chaka chotsatira sanandiitane, ndipo sindinadabwe.

Ndinabwereranso m'ntchitoyi patapita zaka ziwiri, ndipo pano ndimayenda ndi magulu oona malo asanamangidwe. Tisanakhome msomali woyamba ndimazungulira malowo ndi munthu wamkulu wa komweko. Zimene wanena ndimazilemba m'chinenero chake, mmene wazinenera, ndipo ndimaziwerengera aliyense amene akutsogolera tsikulo, ngakhale atakhala kuti anazimva dzulo. Womasulira alibe ufulu wosankha mawu oti adutse. Liwu limene likukuvuta kulitchula, kawirikawiri ndi limene likufunika.